Pikapu za magetsi zikubwerazi: mipando ndi bodi zikhale zotani kwa munthu wogwira ntchito?

Wamipanda wa ku Leeds walemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magalimoto onyamula katundu. Ndimagwira ntchito yomanga mipanda ya matabwa ndi kukonza mabwalo a nyumba za anthu kuno ku Yorkshire, ndipo pikapu ya dizilo yomwe ndili nayo yatopa moti nthawi yoisintha yayandikira. Maso anga ali pa magalimoto awiri a magetsi omwe akufika kuno ku Britain. Yoyamba ndi Toyota Hilux ya batire, yomwe idaonetsedwa koyamba ku Thailand mu Novembala 2025, ndipo yachiwiri ndi Isuzu D-Max EV, yomwe idayamba kupangidwa ku Thailand komweko mu Epulo 2025. Za mtunda womwe amayenda sizikundidetsa nkhawa, chifukwa ntchito zanga zambiri zili pafupi ndipo galimoto imagona pamalo pomwe ingathe kutchajidwa usiku wonse. Toyota idalengeza makilomita pafupifupi 240 pa batire la 59.2 kWh (muyeso wa magetsi omwe batire limasunga), Isuzu idalengeza makilomita 263 pa batire la 66.9 kWh, ndipo kwa ine zonsezo n'zokwanira.

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti zambiri zomwe zikulembedwa za magalimotowa zimathera pa batire, mphamvu za mota ndi kukula kwa sikirini, pomwe munthu wa ntchito ngati yanga tsiku lake limathera pa mpando ndipo ndalama zake zimachokera mu bodi. Ndimayenda ndi anyamata atatu, onse aatali ndi amatupi, ndipo awiri omwe amakhala kumbuyo amafika pa ntchito ali odandaula kale za mawondo ndi msana. Madzulo, atakumba maenje a mizati tsiku lonse, ulendo wobwerera umawapweteka kuposa ntchitoyo. Ine ndemwe ndimamva kuwawa m'chiuno ndikayendetsa nthawi yaitali. Choncho ndikufuna mpando wa dalaivala womwe umakwera ndi kutsika, wokhala ndi chochirikiza msana wa m'munsi, komanso mpando wa kumbuyo womwe munthu wamkulu angakhalepo ola lathunthu osasinthasintha kakhalidwe.

Ku bodi ndimanyamula matabwa a mpanda otalika mamita 1.8, mizati ya konkire, matumba a simenti, mchenga, makina obowolera ndi macheka a magetsi. Bodi ya double cab, pikapu ya makomo anayi ndi mizere iwiri ya mipando, imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndiye kuti chitseko cha kumbuyo chimakhala chotsegula pa maulendo ambiri. Ndikadakonda zokolowekamo zingwe zochuluka komanso zokhala m'munsi, malo okhomeka osungiramo zida zodula, nyali younikira mu bodi chifukwa nyengo yozizira kuno kumada msanga, ndi soketi ya magetsi yoti n'kuyendetsera macheka.

Funso langa lili pawiri. Kodi pa zimene ndatchulazi, n'ziti zomwe munthu ayenera kuumirira kuti zibwere ndi galimoto kuchokera ku fakitale, ndipo n'ziti zomwe angathe kudzaonjezera pambuyo? Nanga ndikapita kukayesa galimoto, ndikayang'ane chiyani kuti ndisakopeke ndi zonyezimira?

Makaniko wa ku Gqeberha, ku South Africa, wayankha:

Achimwene, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi mpando wa kumbuyo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagula asanaganize bwino. Vuto la anyamata anu silichokera ku siponji ya mpando ayi, limachokera ku kamangidwe ka galimotoyo. Hilux ndi D-Max ndi magalimoto omwe chipinda cha anthu chimakhala pamwamba pa chasisi cha zitsulo ziwiri zazitali, choncho popondera mapazi pamakhala pokwera kale. Kuti mutu wa munthu usagunde denga, opanga amatsitsa mpando, ndipo zotsatira zake n'zakuti mtunda wochokera popondera kufika pokhalira umachepa. Munthu wamtali amakhala ngati wakhala pa kampando ka kukhitchini, mawondo ali m'mwamba, ntchafu zili lende, kulemera konse kwa thupi kuli pa mafupa a m'matako. Chotsamira nachonso chimakhala chowongoka kwambiri chifukwa kuseri kwake kuli khoma la chipinda, ndipo sentimita iliyonse yomwe mungapatse chotsamiracho kuti chigone pang'ono iyenera kuchotsedwa ku miyendo kapena ku bodi. Kuchotsa injini ya dizilo n'kuikamo mota sikusintha zimenezi, chifukwa thupi la galimoto ndi lomwe lija ndipo batire laikidwa pansi, pakati pa chasisi.

Ndiye mukapita kukayesa, musapite nokha. Tengani wamtali kwambiri mwa anyamata anu, avale nsapato zake za ntchito, inu mukonze mpando wa dalaivala mmene mumaukondera, kenaka iye akhale kumbuyo kwanu. Muone ngati nsonga za nsapato zake zikulowa pansi pa mpando wanu, chifukwa zikamalowa miyendo imatambasuka ndipo ntchafu zimatsikira pa siponji. Muonenso ngati chibakera chikulowa pakati pa ntchafu yake ndi mphepete mwa mpando, chifukwa chikalowa ndiye kuti mpandowo sukumunyamula. Muyende nawo pa msewu wokumbika, osati pa msewu wosalala womwe wogulitsa angakusankhireni. Chinthu chimenechi simungadzachikonze mutagula. Zovindikira mipando, mphasa za labala, zokolowekamo zingwe ndi nyali ya mu bodi mungathe kuika tsiku lina lililonse ndi ndalama zochepa, koma kutalika kwa mpando ndi kupendekeka kwa chotsamira mumakhala nazo mpaka tsiku logulitsa galimoto.

Pali galimoto ina yomwe ikusonyeza bwino kusinthanitsa kumeneku. KGM Musso EV ya ku Korea ilibe chasisi chapadera, idamangidwa ngati galimoto ya banja, ndipo mipando yake ya kumbuyo imasuntha komanso imagona chagada pang'ono. Anthu amakhala bwino, koma bodi yake ndi yaifupi ndipo siinyamula tani yathunthu. Sindikuti mugule imeneyo, ndikungofuna muone kuti malo a m'galimoto ndi amodzi ndipo anthu ndi katundu amalimbirana malo omwewo.

Kugwedezeka nako ndi nkhani ya kukhala bwino. Masipuling'i a kumbuyo kwa pikapu amapangidwa olimba kuti anyamule katundu wolemera, n'chifukwa chake galimoto yopanda kanthu imadumpha pa bampu aliyense ndipo okhala kumbuyo ndi omwe amamva kwambiri. Apa magetsi amathandizako, chifukwa batire ndi lolemera ndipo limakhala m'munsi chapakati, zomwe zimakhazika galimoto pansi. Isuzu idaikanso kumbuyo kamangidwe kotchedwa De Dion, komwe mota imamangiriridwa ku chasisi m'malo mokwera ndi kutsika limodzi ndi matayala, ndipo matayala akapepukidwa chotere amatsata msewu mofatsa.

Tsopano ndifike pa chomwe ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonse. Chiwerengero cha katundu chomwe makampani amalengeza chimaphatikiza anthu ndi chilichonse chomwe mwaonjezera pa galimoto. Pa ziwerengero zoyambirira, Toyota idati Hilux ya batire idzanyamula makilogalamu pafupifupi 715 ndi kukoka 1,600, pomwe Isuzu idati D-Max EV imanyamula makilogalamu 1,010 ndi kukoka 3,500. Tiyerekeze kuti anyamata anu atatu ndi a makilogalamu 80 aliyense ndipo zida zanu zikulemera 100. Pa Hilux mwatsala ndi 375, omwe ndi matumba 15 a simenti a makilogalamu 25 omwe mumagwiritsa ntchito kumeneko. Pa D-Max mwatsala ndi 670, omwe ndi matumba 26. Mufunsenso ngati kulemera kwa dalaivala kudawerengedwa kale, chifukwa makampani sawerengera mofanana, ndipo ngati sikudawerengedwe muchotsenso thupi lanu. Thumba lalikulu la mchenga lomwe amakweza ndi makina limafika makilogalamu 800 kapena kuposerapo, ndiye palibe mwa awiriwa yomwe ingalinyamule anthu onse ali m'kati. Kwa ntchito ya mizati ya konkire, kusiyana kwa makilogalamu pafupifupi 300 kumeneku ndi ulendo wina wathunthu.

Mayi mlimi wa ku Mchinji wayankha:

Bambo a ku Leeds, ine ndikulemba monga munthu amene adzagwiritse ntchito galimoto ngati yanuyo ikadzatha zaka zake kumeneko, popeza timayendetsa mbali yofanana ya msewu ndi inu ndipo magalimoto ambiri omwe timagula kuno adayamba agwira ntchito kwina. Hilux kuno ndi galimoto ya ku munda, ya ku chipatala, ya ku maliro ndi ya ku ukwati, ndiye zofuna zanga zikusiyanako ndi zanu, koma mwina zina zikuthandizani.

Bambo makaniko afotokoza bwino za kukhala, koma sadakhudze za kukwera. Mayi anga ndi okalamba ndipo ndimawatenga kupita nawo ku chipatala ku Lilongwe, ndipo chomwe chimawavuta si ulendo koma kulowa ndi kutuluka. Pikapu ndi yaitali, khomo la kumbuyo ndi lopapatiza m'munsi, ndipo munthu wovala chitenje amene mawondo ake ndi ofooka amafunika popondera polimba ndi chogwirira chomwe chili pa chipilala cha khomo, osati cha kudenga chokha chomwe sangachifikire ali pansi. Ndamva kuti Hilux yatsopanoyi ili ndi popondera pokwerera mu bodi, ndipo ndikuyamikira, chifukwa kukwera mu bodi popondera tayala lamatope kwavulaza anthu ambiri. Ndikadakonda kuti chidwi chomwecho chifike pa makomo a anthu.

Chachiwiri ndi mpando wa pakati kumbuyo. Ndimakana kunyamula anthu mu bodi, ngakhale amandipempha pa msewu nthawi zonse, chifukwa ndaonapo zomwe zimachitika galimoto ikaphulika tayala anthu ali pamwamba pa matumba. Choncho mipando isanu iyenera kukhala isanu yeniyeni. Wa pakati akhale ndi lamba wodutsa paphewa, chotsamira mutu chake, ndi poika mapazi. Mu pikapu ya dizilo pamakhala chitunda pakati chifukwa cha chitsulo chotengera mphamvu ku matayala a kumbuyo, ndipo popeza magalimoto awiri mwatchulawa ali ndi mota kutsogolo ndi ina kumbuyo, chitsulocho sichifunikanso. Mukakayesa mukaone ngati chitundacho chatsika, chifukwa chikatsala mmene chidaliri ndiye kuti wokhala pakati sadapindule kanthu ndi magetsiwo. Kwa omwe ali ndi ana aang'ono, zomangirira mipando ya ana za ISOFIX zikhale zofikirika, ndipo lamba wa pamwamba wa mpando wa mwana asafune kuti munthu agwetse chotsamira chonse kuti amukoloweke.

Za chikopa sindikugwirizana ndi omwe amachitama. Mwezi wa Okutobala galimoto ikaima padzuwa ola limodzi, mpando wa chikopa kapena wa pulasitiki umawotcha, ndipo munthu amafika thukuta lili kumsana konse. Nsalu yolimba yokhala ndi chovindikira chochapika ndi yabwino, ndipo pansi pakhale labala woti n'kupukuta ndi chiguduli chonyowa, osati kapeti yemwe amasunga matope ndi fungo la feteleza. Mpweya wozizira ufikenso kumbuyo kudzera m'timabowo take, chifukwa pa msewu wafumbi sititsegula mawindo.

Ku bodi, ife timawerengera matumba a makilogalamu 50. Pa ziwerengero zomwe bambo makaniko apereka, Hilux ya batire itanyamula dalaivala ndi wothandiza mmodzi ingatenge matumba a chimanga kapena a feteleza khumi ndi limodzi basi, zomwe kwa mlimi wa soya ndi mtedza pa nthawi yokolola n'zochepa. Ndimafunanso ngowe za kunja kwa bodi zomangira lona, chifukwa mvula ikakupezani ndi matumba a mbewu mulibe nthawi yofunafuna pomanga. Mipata ya m'mbali mwa chitseko cha bodi imayamwa fumbi, moti katundu amafika atafiira ngakhale mwaphimba, ndiye labala wotseka mipatayo ndi wofunika. Tayala lapadera likhale lofanana ndi enawo ndipo likhale pansi pa galimoto, lisadye malo a katundu.

Pomaliza, soketi yomwe mwatchula ija kwa ife ndi nkhani yaikulu. Magetsi athu ndi a 230 V ndipo mapulagi ndi a mano atatu ofanana ndi a ku Britain, choncho galimoto yotulutsa magetsi kumeneko ingagwire ntchito kuno popanda kusintha kanthu. Magetsi akazima, batire la 60 kWh lingasunge firiji, nyali ndi pampu yaing'ono ya madzi kwa masiku angapo. Koma ulendo wa ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe umaposa makilomita 300, ndiye mtunda womwe ukukukwanirani inuwo kuno ungafune kuima pa njira.

Wowerengera ndalama wa ku Birmingham wayankha:

Akulu, ndingoonjezera mbali ya msonkho, chifukwa kuno ku Britain zomwe mwasankha pa mipando ndi pa bodi zimasintha ndalama zomwe mulipire. Kuyambira mu Epulo 2025, HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, imatenga pikapu zambiri za double cab ngati magalimoto a anthu pa nkhani ya msonkho wa phindu lomwe wantchito amapeza pogwiritsa ntchito galimoto ya kampani, komanso pa kuchotsera mtengo wa galimoto ku msonkho wa bizinesi. Pa VAT lamulo silidasinthe. Pikapu ya double cab imawerengedwa ngati galimoto ya katundu ngati imanyamula tani imodzi kapena kuposerapo, ndipo bizinesi yolembetsedwa imatha kubwezeredwa VAT yake.

Apa ndi pomwe muyenera kusamala ndi malo okhomeka omwe mukufuna. Mukaika denga lolimba pa bodi, HMRC imawerenga kuti mwachotsa makilogalamu 45 pa zomwe galimoto imanyamula. Ngati pepala la galimoto yanu likunena 1,010, dengalo likutsitsani pa 965, ndipo mwatuluka m'gulu la tani imodzi. Galimoto ya makilogalamu 715 ili kale pansi pa malirewo. Pa galimoto yomwe mtengo wake wayandikira mapaundi 60,000 VAT isanaikidwe, monga momwe D-Max EV idalengezedwera, 20 peresenti ndi ndalama zambiri zoti munthu asazitaye chifukwa cha chivindikiro. Musanasaine kalikonse, mutengere pepala la kulemera kwa galimoto kwa yemwe amakusungirani mabuku, pamodzi ndi mndandanda wa zonse zomwe mukufuna kuikapo.

Wamagetsi wa ku Calgary wayankha:

Achimwene a ku Leeds, ndagwirapo ntchito ndi Ford F-150 Lightning kuno ku Canada, ndipo ngakhale ndi galimoto yaikulu, ya chiwongolero cha kumanzere, yomwe simungaigwiritse ntchito m'misewu yopapatiza ya kwanuko, ikusonyeza zomwe munthu ali ndi ufulu woyembekezera kwa pikapu ya magetsi. Ford idalengeza mu Disembala 2025 kuti yasiya kupanga Lightning ya batire lokha, koma nzeru zomwe zidali m'galimotoyo sizidathe ntchito.

Chomwe ndidachikonda kwambiri chidali pansi pa boneti. Pomwe pakadakhala injini pali bokosi la malita 400 lonyamula makilogalamu pafupifupi 180, lokhomeka, losalowa mvula, lokhala ndi masoketi m'kati mwake ndi kabowo kotulutsira madzi. Zida zonse zodula zimakhala mmenemo, mabatire a makina obowolera amatchajidwa galimoto ikuyenda, ndipo bodi imatsala ya katundu wauve yekha. Bokosi limeneli limathetsa nthawi imodzi vuto la akuba, vuto la zida zodzaza pa mpando wa kumbuyo, ndi vuto la denga lomwe akulu a ku Birmingham afotokoza. Rivian R1T ili ndi mphako yodutsa m'mimba mwa galimoto pakati pa chipinda ndi bodi, yotsegukira mbali zonse ziwiri. Chevrolet Silverado EV ili ndi khoma la kumbuyo kwa chipinda lomwe limagwetsedwa, kotero kuti bodi ya mamita 1.8 imatalika kupitirira mamita 2.7 chitseko chili chotseka, ngakhale potero mumataya ina mwa mipando ya kumbuyo, kapena yonse, pa ulendo umenewo. Kumeneko ku Britain, Maxus eTerron 9 ili ndi bokosi la kutsogolo la malita 236, koma katundu yemwe imanyamula ndi wosafika tani.

N'chifukwa chake ndikusiyana pang'ono ndi bambo makaniko. Iwo akuti malo a m'galimoto ndi amodzi ndipo anthu ndi katundu amalimbirana, ndipo n'zoona pa galimoto yomwe idapangidwira dizilo kenaka n'kusinthidwa, chifukwa pansi pa boneti nthawi zambiri pamadzaza mota ndi zipangizo zake. Koma galimoto yomwe idaganiziridwa za magetsi kuyambira pachiyambi imapeza malo atsopano omwe kale kudalibe. Ogula tikamangovomera thupi lakale lokhala ndi batire, makampani sadzaona chifukwa chotipatsira malowo. Mukakayesa mukatsegule boneti n'kufunsa, ngakhale yankho mukulidziwa kale, kuti wogulitsayo akanene kwa akuluakulu ake kuti anthu akufunsa.

Za soketi, mufunse mphamvu yake, osati kungoona kuti ilipo. Lightning imatha kutulutsa mpaka 9.6 kW, zomwe zimayendetsa macheka aakulu ndi makina owotcherera. Soketi ya mawati 150 kapena 400 ndi yotchajira laputopu basi. Macheka a magetsi amakoka mphamvu zochuluka pa nthawi yoyamba kuzungulira, ndiye pa ntchito yanu musavomere yochepera 2 kW, ndipo ikhale mu bodi momwemo, yokhala ndi chotsekera madzi, kuti chingwe chisamadutse pa windo.

Pa mipando ndili ndi langizo limodzi lochokera ku dziko lozizira. Muumirire mipando yotenthetsa, ya kumbuyo yomwe, pamodzi ndi chiwongolero chotenthetsa. Mu galimoto ya dizilo kutentha kwa m'chipinda ndi kwaulere chifukwa kumachokera ku injini, koma mu ya magetsi kumachokera ku batire. Hita yotenthetsa chipinda chonse imatha kudya makilowati angapo, pomwe mpando umodzi umadya mawati makumi angapo okha. Pa batire laling'ono ngati la magalimoto mukuwaganizirawa, anyamata onyowa ndi mvula akafuna kutentha madzulo, kusiyana kumeneku kumaoneka pa makilomita otsala. Kutenthetsa galimoto m'mawa idakali pa chingwe kumathandizanso. Ndipo mabatani a hita akhale enieni, oti munthu n'kudina atavala magulovu.

Wamipanda wa ku Leeds walembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zoti ndikayese ndi zoti ndikafunse. Mayi a ku Mchinji, nkhani ya chitunda cha pakati ndi labala wa chitseko ndailemba, chifukwa kuno fumbi ndi lochepa koma madzi amalowera pomwepo n'kunyowetsa simenti. Pa zomwe zanenedwa, ndikuona kuti makilogalamu 715 sangagwirizane ndi mizati ya konkire ndi anthu anayi. Funso lomwe latsala ndi la matabwa aatali ndi mapepala a pulayiwudi. Kodi ndi bwino kuika zitsulo zonyamulira pamwamba pa bodi ndi denga, kapena kugula ngolo yaing'ono yokoka? Ndaonanso kuti D-Max EV ili ndi mtundu wa chipinda chachifupi, wa timipando ting'onoting'ono kumbuyo ndi bodi yotalikirapo, ndipo ndikuganiza ngati ungathandize.

Makaniko wa ku Gqeberha wayankhanso:

Achimwene, mtundu wa chipinda chachifupi musauganizire ngati anyamata awiri azikhala kumbuyo tsiku lililonse. Timipando timeneto ndi ta ulendo wa mphindi zochepa kapena toikapo zikwama, ndipo mungakhale mutawonjezera vuto lomwe mudabwera nalo.

Pepala la pulayiwudi ndi la mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi. Mu pikapu zambiri za msinkhu umenewu, mpata wa pakati pa zotumphuka zophimba matayala ndi wochepera pamenepo, ndiye pepalalo siligona pansi. Ford Ranger ya kuyambira 2022 idakulitsidwa mpatawo kuti phaleti la ku Ulaya lilowe, koma pa magalimoto anu awiriwa mupite ndi tepi mukayeze nokha. Njira yosavuta ndi kuika matabwa awiri opingasa pamwamba pa zotumphukazo kuti mapepala agone pamenepo, ndipo mabodi ena ali ndi timipata m'makoma topangidwira matabwa oterowo. Muonenso kulemera komwe chitseko cha bodi chimaloledwa kunyamula chili chotsegula, chifukwa mizati ya konkire ikatsamira pa icho galimoto n'kugunda bampu, zingwe zake ndi mahinji ndi zomwe zimayamba kugonja. Katundu wolemera azikhala kutsogolo kwa bodi, kufupi ndi chipinda, osati kumbuyo kwa matayala.

Pakati pa zitsulo za pamwamba ndi ngolo, ndingasankhe chitsulo chimodzi chochotseka cha kumbuyo kwa bodi chogwirizana ndi china cha kuseri kwa chipinda, cha matabwa aatali okha, ndi ngolo ya masiku a mchenga ndi mizati yambiri. Zitsulo zokhazikika pa denga zimalimbana ndi mphepo ngakhale zilibe katundu, ndipo pa galimoto ya magetsi mumazilipira ndi makilomita tsiku lililonse, kuphatikiza kulemera kwake komwe kumachotsedwa pa katundu wanu. Ngolo yolemera ingathe kudula mtunda wanu ndi theka, ndiye pa makilomita 263 muziwerengera ngati 130 pa tsiku lokoka, ndipo nyengo yozizira muchotsenso pang'ono. Kulemera komwe ngolo imatsamiritsa pa chokokera kumawerengedwanso ngati katundu wa galimoto, choncho pa tsiku lokoka musadzaze bodi. Mufunsenso pomwe pali potchajira pa thupi la galimotoyo, chifukwa pakakhala kumbuyo, malo ambiri otchajira a pa msewu adzafuna kuti muyambe mwamasula ngolo musanafikire chingwe.